ABC Learning Design: mphindi 90 zokonzera kosi pa pepala mphunzitsi asanatsegule Moodle

Njira ya ABC Learning Design, yomwe inachokera ku University College London (UCL), ndi imodzi mwa zinthu zochepa zophunzitsira aphunzitsi a m'sukulu za ukachenjede zimene ndingauze dipatimenti iliyonse kuti iziyese, ngakhale kuti ili ndi mipata imene ndiifotokoza mosabisa. Ndi wekishopu imene aphunzitsi amakonza kosi poyala makadi ndi kumata nyenyezi pa pepala lalikulu. Ndi yaulere, imatha m'mphindi 90, ndipo siifuna kompyuta kapena intaneti pa nthawi imene ikuchitika. Ubwino wake waukulu ndi wakuti imachotsa mphunzitsi pa funso lakuti aphunzitsa mitu iti, n'kumuika pa funso lakuti wophunzira azichita chiyani sabata iliyonse kuti adziwe zimenezo. Koma njirayi siimanga kosi, ndipo dipatimenti imene ingaganize kuti ntchito yatha tsiku la wekishopu idzapeza kuti semesita yatha popanda chosintha.

Popanda kudziwa vuto limene njirayi imayankha, munthu angaone makadi ndi nyenyezi zomata n'kuganiza kuti ndi masewera a ana. Sukulu zitatsekedwa m'Malawi muno pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, mayunivesite anathamangira ku intaneti monga anachitira a m'mayiko ena, ena pa Moodle (pulogalamu ya pa intaneti imene mphunzitsi amaikapo kosi yake), ena pa Google Classroom, ndipo pamene zonsezi zinakanika, magulu a pa WhatsApp ndiwo anagwira ntchitoyo. Maphunziro amene aphunzitsi analandira nthawi imeneyo, ndiponso ambiri amene akuperekedwabe lero, ndi ophunzitsa zala: dinani apa kuti mulowe, dinani apa kuti muike fayilo, dinani apa kuti mutsegule Forum (malo okambirana polemberana). Maphunziro oterowo ndi ofunika ndithu, koma zotsatira zake timaziona tikatsegula tsamba la kosi, pamene timapeza mafayilo a PDF ndi masilaidi a PowerPoint atandandalikidwa kuyambira sabata yoyamba mpaka yomaliza, Forum imodzi imene palibe analembamo kanthu, ndi malo operekera asayimenti. Wophunzira amatsitsa manotsi, amaloweza, n'kukalemba mayeso monga kale. Mlandu suli pa ulesi wa aphunzitsi. Mphunzitsi wa ku yunivesite amalembedwa ntchito chifukwa cha digiri yake m'phunziro lake, kaya ndi za nthaka, za malamulo kapena za mankhwala, ndipo ambiri sanakhalepo ndi mwayi wophunzira kakonzedwe ka maphunziro. Amaphunzitsa monga iwo anaphunzitsidwira, ndipo akapatsidwa Moodle amaikamo zomwe akanalemba pa bolodi.

Vutoli lilinso ku London, ndipo kumeneko ndi kumene ABC inabadwira. Inakonzedwa cha m'ma 2015 ndi Clive Young ndi Nataša Perović, a m'gulu loona za maphunziro a pa kompyuta ku UCL, atazindikira kuti aphunzitsi otanganidwa ndi kafukufuku sangapereke masiku athunthu ku wekishopu ya kakonzedwe ka kosi. Kagwiritsidwe ntchito ka makadi anakatengera ku ntchito yotchedwa Viewpoints ya ku Ulster University, ndipo maziko a maganizo anawatenga kwa Pulofesa Diana Laurillard wa ku UCL komweko, amene m'buku lake la mu 2012 anagawa kuphunzira m'mitundu 6. Kuyambira 2018 mpaka 2020, European Union kudzera mu pulogalamu yake ya za maphunziro ya Erasmus+ inathandiza ntchito yotchedwa ABC to VLE, imene inafalitsa njirayi ku mayunivesite ena a ku Ulaya, monga Dublin City University ndi University of Helsinki, ndiponso kumasulira zipangizo zake m'zinenero zingapo. Chotikhudza kwambiri n'chakuti UCL nayo imagwiritsa ntchito Moodle, motero zambiri zimene makadi amatchula zili ndi malo ake pa Moodle yomweyo imene aphunzitsi ambiri kuno anayamba kale kuizolowera.

Zipangizo zake ndi zochepa. Pali pepala lalikulu la A1 lojambulidwa mizere, mzere uliwonse kuimira sabata kapena gawo la kosi. Pali makadi a mitundu 6, mtundu uliwonse ndi utoto wake. Pali pepala laling'ono lolembapo chidule cha kosi. Pali nyenyezi zomata zagolide ndi zasiliva. Ndipo pali masilaidi ochepa a wotsogolera. Mapepala ndi makadiwo munthu amawatsitsa pa intaneti n'kukasindikiza yekha. Aphunzitsi amakhala m'magulu ang'onoang'ono, gulu lililonse pa tebulo lake ndi kosi yake, ndipo wotsogolera amasunga nthawi mosanyengerera, chifukwa gawo lililonse lili ndi mphindi zake zowerengeka.

Ntchito yoyamba ndi kulemba cholinga cha kosiyo m'mawu ofupika ngati uthenga wa pa Twitter, n'kuwerengera anzawo mokweza. Izi zimaoneka zopepuka mpaka munthu ataona aphunzitsi awiri amene akhala akuphunzitsa kosi imodzi kwa zaka zambiri akulephera kugwirizana pa chiganizo chimodzi, wina akuti kosiyo ndi yophunzitsa kuwerengera, mnzake akuti ndi yophunzitsa kutanthauzira zotsatira. Kusiyana kumeneko kumakhala kunalipo kale m'kalasi, kungoti ophunzira okha ndiwo ankakuona. Kenako gulu limajambula, pa chithunzi chokhala ndi mizere 6 yotuluka pakati, kuchuluka kwa mtundu uliwonse wa kuphunzira m'kosiyo monga ilili lero, n'kuikanso chizindikiro pa mzere wosonyeza ngati kosiyo yapendekera ku maphunziro a maso ndi maso kapena ku intaneti. Pamapeto pa wekishopu amadzajambulanso chithunzi chomwecho ndi cholembera cha utoto wina, kuti aone pamene maganizo awo asunthira.

Mitundu 6 ya Laurillard ndiyo yanyamula njira yonseyi, choncho ndi bwino kuimvetsa. Pali kulandira, pamene wophunzira akumvetsera mphunzitsi, akuwerenga buku kapena akuonera vidiyo. Pali kufufuza, pamene iye mwini akufunafuna, akuyerekeza ndi kusanthula zimene wapeza, kaya ndi mu laibulale, m'munda kapena m'ziwerengero. Pali kukambirana, pamene akufunsa, akuyankha ndi kuteteza maganizo ake pamaso pa anzake ndi mphunzitsi. Pali kuyeserera, pamene akuchita chinthu, akuona zotsatira, akukonza n'kubwerezanso, monga zimachitikira mu labu, pa masamu kapena pa chidole chimene ophunzira unamwino amayeserapo kupima wodwala. Pali kugwirira ntchito limodzi, kumene kumasiyana ndi kukambirana chifukwa gulu liyenera kutulutsa chinthu chimodzi chimene onse agwirizana. Ndipo pali kupanga, pamene wophunzira akutulutsa chinthu chake chimene ena angachione ndi kuchiweruza, monga lipoti, pulani ya nyumba kapena pulogalamu ya kompyuta. Mitundu yonseyi ikufotokoza zochita za wophunzira, ndipo palibe khadi ngakhale limodzi lonena zochita za mphunzitsi. Ndikuona kuti apa ndi pamene pali nzeru ya njirayi, chifukwa mphunzitsi sangayale makadi popanda kuyamba wadziika pa mpando wa amene amawaphunzitsa. N'zoona kuti malire a mitunduyi nthawi zina samveka bwino, ndipo magulu amatha kutaya mphindi zingapo akutsutsana ngati ntchito ya mu labu ndi kuyeserera kapena kufufuza, koma wotsogolera wanzeru amawauza kuti aike khadi limene akuliona kuti ndi loyenera n'kupitirira.

Gawo lalikulu la nthawi limathera pa kuyala makadi pa pepala lalikulu lija, motsatira ulendo wa wophunzira kuyambira sabata yoyamba. Tiyerekeze kosi ya Statistics ya chaka choyamba, ya ophunzira 300. Gulu likayala kosiyo monga ikuphunzitsidwira lero, kawirikawiri mizere imadzaza ndi utoto umodzi, wa kulandira, kenako khadi limodzi la kupanga pakati pa semesita pamene pali asayimenti, ndi lina kumapeto. Palibe chifukwa chowalalikira aphunzitsiwo, pakuti pepala lokha limawauza. Ndaonapo aphunzitsi akhama, okonda ophunzira awo, akuyang'anitsitsa mizere ya utoto umodziyo, mpaka mmodzi wa iwo kunena yekha kuti ndiye kuti ana aja amangokhala n'kumamvetsera mpaka tsiku la mayeso. Kuchokera pamenepo makadi amayamba kusuntha. Wina amaika kufufuza patsogolo pa kulandira, kuti ophunzira ayambe atolera okha mitengo ya tomato kapena ya chimanga m'misika ya pafupi ndi kumene amagona, mphunzitsi asanawafotokozere za avereji ndi kumwazikana kwa ziwerengero. Wina amaika kuyeserera pang'ono sabata iliyonse m'malo modikira sabata ya 7. Wina amatsutsa kuti akatero silabasi siitha, ndipo mkangano umenewo ndi wopindulitsa, chifukwa mwina ndi koyamba kuti gululo likangane pa zochita za wophunzira, pamene misonkhano ya dipatimenti imathera pa kugawana mitu ndi maola.

Ndimateteza kwambiri kuti ntchitoyi ichitike pa pepala, ndipo chifukwa changa si kuzima kwa magetsi kokha, ngakhale kuti nakonso ndi chifukwa chokwanira. Anthu akasonkhana pa laputopu imodzi, amene wagwira laputopuyo ndiye amalamula, ndipo kawirikawiri amakhala mnyamata amene amadziwa kompyuta, akulemba zimene wamkulu wanena. M'madipatimenti athu wamng'ono satsutsa pulofesa pagulu, ndipo ulemu umenewo uli ndi malo ake, koma umabisa maganizo abwino a aphunzitsi achinyamata amene amakhala pafupi ndi ophunzira ndipo amadziwa pamene akuvutikira. Khadi lili pa tebulo aliyense angathe kulisuntha, ndipo kusuntha khadi n'kufunsa kuti “bwanji likanakhala apa, bwana?” ndi kopepuka kuposa kuuza munthu wamkulu kuti kaphunzitsidwe kake kali ndi vuto. Komanso chinthu chimene sichinalembedwe bwinobwino munthu saumira nacho mtima. Amalola kuti chisinthidwe.

Makadi akayalidwa, gulu limawatembenuza. Kumbuyo kwa khadi lililonse kuli mndandanda wa njira zochitira mtundu umenewo wa kuphunzira, mbali ina njira za m'kalasi zozolowereka, mbali ina njira za pa kompyuta, ndi mpata woti munthu alembepo zake. Apa m'pamene luso la makompyuta limalowera, kumapeto, cholinga chitadziwika kale, ndipo dongosolo limeneli ndi losiyana kwambiri ndi la maphunziro a kudina aja. Mphunzitsi amene wasankha kuti sabata yachitatu mukhale kukambirana amafunsa yekha kuti Forum imagwira bwanji ntchito, ndipo amamvetsera yankho chifukwa akulifuna. Amene waika kuyeserera amafuna kudziwa za Quiz, chida cha mafunso, ndi za H5P, yopangira zochita zimene wophunzira amayankha pomwepo, imene inalowetsedwa mu Moodle mwenimweni kuyambira cha m'ma 2020. Amene waika kugwirira ntchito limodzi amakumana ndi Wiki, Glossary kapena Database, zida zimene zakhala mu Moodle kwa zaka zambiri koma aphunzitsi ochepa okha ndiwo anazitsegulapo, chifukwa palibe anawauza vuto limene zidazo zimathetsa.

Nyenyezi ndi zoonetsa pamene pali mayeso: zasiliva pa ntchito zothandiza wophunzira kudziwa pamene waima, zagolide pa ntchito zopereka malikisi olowa m'zotsatira zomaliza. Gawoli limatha msanga, koma limaulula zambiri, chifukwa pa mapepala ambiri nyenyezi zonse zimaunjikana kumapeto, ndipo zasiliva zimasowa. Mphunzitsi wa kalasi ya ophunzira 300 ali ndi yankho lomveka, lakuti alibe manja ochongera ntchito sabata iliyonse, ndipo wotsogolera amene sangathe kuyankha nkhawa imeneyi wataya gululo. Mayankho alipo. Quiz ya pa Moodle imachonga yokha, imatha kusankhira wophunzira aliyense mafunso osiyana kuchokera m'nkhokwe ya mafunso, imatha kusintha manambala a funso la masamu kwa munthu aliyense, ndipo imatha kumufotokozera chifukwa chimene yankho lake lalakwikira. Chida chotchedwa Workshop chimalola ophunzira kuchongerana ntchito motsatira muyezo umene mphunzitsi wakonza. Koma kulemba nkhokwe ya mafunso abwino, okhala ndi ndemanga pa yankho lililonse, ndi ntchito ya masabata, ndipo nyenyezi yomata siinena zimenezo.

Ndifike tsono pa zofooka zake, kuyambira pa zolinga za kosi. ABC imaganiza kuti zolinga zinalembedwa kale bwino, ndipo siipereka nthawi yokwanira yoziunika kapena yoona ngati zochita ndi mayeso zikugwirizana nazo, pamene kugwirizana kumeneku ndi mfundo imene katswiri wa za maphunziro John Biggs anaiphunzitsa m'zaka za m'ma 1990 ndipo yakhala maziko a kakonzedwe ka makosi m'mayunivesite ambiri. Gulu lingathe kutuluka ndi pepala lokongola, la mitundu yonse 6, koma losafikitsa wophunzira pa luso limene chikalata cha kosi chinalonjeza ku seneti ya yunivesite ndi ku National Council for Higher Education. Pali chiyeso chofuna kuti utoto uliwonse uoneke, ngati kuti kosi yabwino ndi imene yagawa mitundu yonse mofanana, pamene kosi ya Anatomy ya chaka choyamba ili ndi zifukwa zomveka zokhalira ndi kulandira ndi kuyeserera kochuluka. Mankhwala ake ndi osavuta: gulu lililonse libwere ndi zolinga za kosi zitasindikizidwa, lizimate pamwamba pa pepala lalikulu, ndipo lisanachoke lilembe pa khadi lililonse nambala ya cholinga chimene khadilo likutumikira. Khadi losowa nambala lifunsidwe chimene likufuna pamenepo.

Chofooka china ndi chakuti makadi sawerenga maola. Khadi la kuonera vidiyo ya mphindi 10 ndi khadi la kafukufuku wa masabata awiri ndi ofanana kukula, motero gulu losangalala lingathe kuunjikira wophunzira ntchito yoposa imene angathe, kuiwala kuti ali ndi makosi ena asanu kapena kuposerapo. Ku Britain kuli muyezo wodziwika wakuti kirediti imodzi ikuimira maola 10 a ntchito ya wophunzira, kotero kuti kosi ya makirediti 15 ndi maola 150, ndipo aphunzitsi a kumeneko amakhala ndi nambala imeneyo m'mutu akamayala makadi. Gulu la kuno liyenera kuyamba lagwirizana maola amene kosi yake ili nawo, a m'kalasi ndi a kunja kwa kalasi, n'kumalemba pa khadi lililonse. Chida cha pa intaneti chotchedwa Learning Designer, chochokera kwa Laurillard ndi anzake ku UCL Knowledge Lab, chimathandiza pamenepa, chifukwa chimagwiritsa ntchito mitundu yomweyi, chimafuna kuti munthu alembe mphindi za ntchito iliyonse, ndipo chimajambula chithunzi chosonyeza mmene nthawi yagawidwira. Nachonso ndi chaulere, koma ndi cha munthu mmodzi atakhala pa kompyuta, choncho chimayenera kubwera wekishopu itatha.

Kumbuyo kwa makadi nako kunalembedwa ndi anthu amene wophunzira wawo ali ndi laputopu, Wi-Fi ya pa sukulu ndi magetsi osazima. Wophunzira wathu kawirikawiri ali ndi foni ya m'manja, nthawi zina yobwereka, ndi bandulo imene amaiwerengera, ndipo amene amaphunzira ali kutali, monga mphunzitsi wa ku pulayimale amene akuchita digiri ali kumudzi, amadalira netiweki imene imapezeka pamalo amodzi okha. Gulu likasankha misonkhano ya vidiyo ya pa Zoom kapena BigBlueButton sabata iliyonse, ndiye kuti lasankhanso amene atsalire. Ola limodzi la vidiyo limadya mamegabaiti mazana angapo, pamene ola limodzi la mawu okha, litajambulidwa pa 64 kbps, silifika mamegabaiti 30, ndipo mawu a mphindi 10 otsagana ndi tsamba limodzi la zithunzi amaphunzitsa mfundo zambiri mokwanira. Pulogalamu ya Moodle ya pa foni imalola wophunzira kutsitsa zigawo za kosi ali pa Wi-Fi, kukawerenga ndi kulemba alibe intaneti, zolembazo n'kudzatumizika akapezanso netiweki, koma zimenezi zimatheka ngati mphunzitsi wagwiritsa ntchito zida monga Page ndi Book, zoikira manotsi m'masamba a Moodle momwemo, ndiponso ngati woyang'anira Moodle ya pa sukulupo watsegula zofunika. Makadi oyambirira sanenanso zokwanira za wophunzira wosaona, amene pulogalamu yake yowerenga mokweza siingawerenge manotsi ojambulidwa ndi kamera. Ine ndimapempha gulu lililonse kuti pa khadi lililonse la pa intaneti liyankhe ngati ntchitoyo ingachitike pa foni, ndiponso ngati ingachitike netiweki itadukaduka.

Chofooka chachikulu koposa chimaoneka tsiku lotsatira. Wekishopu imatha ndi ndondomeko yonena amene achite chiyani ndi liti, anthu amajambula pepala lawo ndi foni, ndipo amatuluka ali ndi chidwi chenicheni. Ku UCL ndi m'mayunivesite ena otero kuli antchito amene ntchito yawo yonse ndi kukhala pansi ndi mphunzitsi n'kumuthandiza kusandutsa pepalalo kukhala tsamba la Moodle. M'malo ambiri kuno ntchito imeneyo imagwera a ofesi ya makompyuta, amene ali kale ndi netiweki, mapasiwedi oiwalika ndi mapulojekita owonongeka, ndipo sanaphunzire za kaphunzitsidwe. Kapena imagwera mphunzitsi yemweyo, amene Lolemba ali ndi makalasi, mayeso oti achonge ndi ophunzira a chaka chomaliza oti awayang'anire pa kafukufuku wawo. Pepala limapindidwa n'kuikidwa pamwamba pa kabati. Poyerekeza, njira ina yokonzera makosi yotchedwa Carpe Diem, ya Pulofesa Gilly Salmon, imatenga pafupifupi masiku awiri, koma mkati mwa masikuwo gulu limamanga zina mwa zochitazo pa intaneti ndi kuziyesa pa anthu ena, motero limatuluka ndi chinthu chogwirika. ABC inapambana chifukwa cha kufupika, ndipo mtengo wa kufupikako ndi umenewu. Mkulu wa dipatimenti amene akufuna kuitanitsa wekishopuyi ayambe waika pa kalendala masiku awiri kapena atatu a theka la tsiku, mkati mwa mwezi womwewo, pamene magulu adzakhale mu labu ya makompyuta ndi mapepala awo n'kumanga masabata atatu oyamba a kosi. Maphunziro a kudina aja aperekedwe pamenepo, pamene aliyense akudziwa chimene akufuna kumanga. Ngati masikuwo sangapezeke, ndi bwino kudikira kusiyana ndi kudzutsa chidwi cha anthu n'kuchisiya chizilale, chifukwa ulendo wachiwiri sadzabweranso ndi mtima womwewo.

Za ophunzira ndinene zinthu ziwiri. Choyamba, pa tebulo lililonse pakhale wophunzira mmodzi kapena awiri amene anaichita kale kosiyo. Iwo ndiwo amadziwa kuti sabata imene gulu laikapo ntchito yaikulu ndi yomweyo imene makosi ena onse amapereka mayeso, kuti fayilo ina siitseguka pa foni, ndiponso kuti ntchito ya m'magulu imathera pa munthu mmodzi pamene malikisi agawidwa mofanana. Pafunika kuwalimbikitsa kuti alankhule, ndipo ndi bwino asankhidwe amene mphunzitsiyo sakuwaphunzitsanso semesita imeneyo. Chachiwiri, kosi yokonzedwa mwa njira imeneyi imafuna zambiri kwa wophunzira wa chaka choyamba, amene mwina wafika kuchokera ku sekondale imene inalibe kompyuta ndipo anakhoza MSCE pomvetsera ndi kuloweza. Akauzidwa kuti alembe maganizo ake pa Forum n'kutsutsa a mnzake, kapena achonge ntchito ya wina, amafunika kuphunzitsidwa kachitidwe kake ndi chifukwa chake, apo ayi amaona ngati mphunzitsi akuthawa ntchito. Sabata yoyamba ya pepala lalikulu lija isungidwire zimenezi, ndipo pepalalo likakonzedwa bwino lingathe kuonetsedwa kwa kalasi yonse kuti aone ulendo umene ali nawo. Kwa ophunzira a za uphunzitsi, makadiwa ndi chida chabwino chophunzirira kukonza maphunziro iwo eni, ndipo amachigwira msanga kuposa akuluakulu.

Wotsogolera safunika kukhala katswiri wochokera kunja, ndipo wekishopuyi siifuna hotela ya kunyanja. Chipinda cha dipatimenti chokhala ndi matebulo otakata ndi chokwanira, ndipo m'pabwino chifukwa anthu amakhala pafupi ndi mafayilo awo. Chofunika kwa wotsogolera n'chakuti akhale anaphunzitsapo kalasi yaikulu, aidziwe Moodle ya pa sukulupo monga ilili, ndipo akhale wolimba mtima woletsa munthu wamkulu kusandutsa mphindi 90 kukhala msonkhano wodandaula za kuchepa kwa zipinda. Nthawi ya Covid-19 anthu anakonza njira zochitira ABC pa intaneti, pogwiritsa ntchito mabolodi a pa kompyuta ndi masipuredishiti, ndipo zimathandiza pamene gulu lili m'makampasi otalikirana, koma zimatenga nthawi yaitali ndipo zimataya kumasuka kuja kosuntha khadi ndi dzanja. Pamene anthu angathe kukumana, akumane.

Ndalama zimene zimalowa ndi za kusindikiza basi. Makadi amafuna inki ya mitundu ndi pepala lolimba, ndipo akakutidwa ndi pulasitiki amagwira ntchito kwa zaka, ngakhale kuti gulu limafunika kulembapo ndi cholembera chofufutika. Pamene chosindikizira cha A1 palibe, mizere ingajambulidwe ndi dzanja pa mapepala aakulu a pa wekishopu, ndipo nyenyezi zingajambulidwe ndi zolembera za mitundu iwiri. Zipangizozi zinatulutsidwa pa chilolezo cha Creative Commons chotchedwa BY-NC-SA, chimene chimalola aliyense kuzikopera ndi kuzisintha, malinga atchule eni ake, asazigwiritse ntchito pochita malonda, ndipo zimene wasinthazo azigawirenso ena pa chilolezo chomwecho. Amene akuganiza zolipiritsa mayunivesite pochititsa wekishopuyi awerenge bwino mfundo ya malondayo asanayambe. Kwa yunivesite imene ikufuna kuigwiritsa ntchito pa aphunzitsi ake, chilolezochi chikutanthauza kuti kumbuyo kwa makadi kungathe kulembedwanso, kuchotsamo zida zimene sukuluyo ilibe n'kuikamo mawu ojambulidwa otumizidwa pa WhatsApp, ntchito za m'midzi ndi m'misika yoyandikana nayo, ndi zida za Moodle zimene zimagwira ntchito pa foni popanda intaneti. Ntchito yolembanso makadiyo ichitike wekishopu yoyamba isanafike, ndipo aichite ndi aphunzitsi awiri kapena atatu pamodzi ndi woyang'anira Moodle wa pa sukulupo.